Kaseti Yofiira ya Amake Tamiwe

Ku komboni ya Nabvutika alipobe anthu amene ukatchula Dolika Mbewe amati, "Uja anatukwana ankhoswe pa chinkhoswe cha mwana wake yemwe?" Ankhoswe anatukwanidwawo ndine. Choncho ngati pali munthu woyenera kukamba za mayi ameneyu, ndi ine, osati amiseche a pa mpopi amene tsiku lijalo anangobwerera mpunga ndi nyama.

Ndinaphunzitsa m'masukulu a kuno kummawa mpaka tsitsi linayera, ndipo zaka zomalizira ndinali hedi. Nditapuma ndinamanga kanyumba ku Nabvutika, chifukwa nyumba imene anandilonjeza m'tauni inapatsidwa kwa mlamu wa munthu wina. Dzina lake ndikulidziwa, koma si nkhani ya lero. Kuseri kwa mpanda wanga kunkakhala a Andireya Mbewe ndi mkazi wawo Dolika, Akatolika ochokera ku Kasenengwa, ndi mwana wawo mmodzi yekha, Tamiwe. Andireya anali dalaivala wa lole yonyamula thonje kupita ku Lusaka. Dolika ankagulitsa tomato ndi repu pa msika wa Kapata. Sindinkawakonda kwenikweni. Nkhuku zawo zinandifukulira nazale ya anyezi, ndipo kupepesa kwawo kunali kwa pakamwa pokha.

Mu 1992 lole ya Andireya inaduka mabuleki pa mapiri otsikira ku Luangwa. Mnzake wothandiza kumanga katundu anafera pomwepo, lole inapsa, Andireya anamutola m'mbali mwa msewu ali ndi bala loyambira pa khutu mpaka pa liwombo. Atabwerako ku chipatala anabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba, m'mutu mwake munkalira ngati nyenje za mu Okutobala, osaleka, ndipo chinthu chokha chimene chinkaziziritsa kulirako chinali nyimbo. Popanda nyimbo ankagwira mutu n'kumazungulira nyumba. Chachiwiri, anayamba kugwa. Amakhala bwinobwino pa khonde, wailesi ikuyimba, mwadzidzidzi thupi lauma, wagwa, thovu kukamwa.

Ku chipatala anati ndi khunyu lobwera ndi bala, n'kumupatsa mapiritsi. Mapiritsi anachepetsa koma sanathetse. Amene anaona chimene tonse sitinaone ndi Dolika: mwamuna wake sankagwa pa nyimbo iliyonse, ankagwa pa nyimbo zina zake. Atakanena ku chipatala, mnyamata wovala zoyera anamuseka. "Mayi, nyimbo si udzudzu, siluma." Dolika anangomanga chitenje chake n'kubwerako. Maganizo ake anali akuti nyimbozo ndi zimene zinali pa kaseti ya mu lole tsiku la ngozi. Koma kasetiyo inapsera limodzi ndi lole, ndipo Andireya sankakumbukira kanthu za tsikulo, ngakhale chimene anadya mmawa. Panalibe wodziwa kuti nyimbozo ndi ziti kapena zilipo zingati. Njira yozidziwira inali imodzi yokha: munthu agwe kaye.

Dolika anachotsa wailesi m'nyumba, chifukwa wailesi imasankha yokha choyimba. Anagula kamakina kakang'ono koyimba makaseti, n'kumakajambulitsa nyimbo kwa Fackson, mnyamata wa pakamwa pambiri amene anali ndi kashopu kojambula makaseti pa Kapata pomwepo. Nyimbo ikamugwetsa Andireya, Dolika ankabwerera nayo kasetiyo kuti Fackson aifufute ndi kuikapo ina.

Kufufuta kunamunyenga. Patapita miyezi, Fackson anamujambulira kaseti yatsopano ya rumba ndi kalindula, ndipo pakati pake panali nyimbo imene anali ataifufuta kale. Dolika anaimva pa kashopu paja, khutu lake linaizindikira, koma linaizindikira ngati mmene umazindikirira nkhope pa msika, osakumbukira kuti munakumana pa ukwati kapena pa mlandu. Anati ndi nyimbo yabwino yodziwika. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira. Andireya anali kuwotha mbaula, ndipo anagwera pa makala. Dzanja lake lamanzere linapsa mpaka m'chigongono.

Sabata yomweyo ndinamva odi pa khomo panga.

"Odi, aHedi."

"Ngati ndi za nkhuku, ndinanena kale. Ikalowanso ndidya."

"Si nkhuku. Ndamva muli ndi wailesi ya makomo awiri."

Ndinalidi nayo, yotha kujambula kuchokera pa kaseti ina kupita pa inzake. Ndinamufunsa chimene ankaifunira. Anatulutsa mu chitenje makaseti awiri, ina yakuda, ina yofiira yatsopano.

"Nyimbo ndikaifufuta pa kaseti, nane m'mutu imafufutika," anatero. "Ndiye imabweranso ngati mlendo. Ndifuna ndisanaifufute ndizidula mutu wake wokha n'kuusunga umu mofiiramu. Ndiziumva, ndisauiwale."

Ndinamuuza kuti abwere ndi mayina a nyimbozo ndimulembere bwinobwino. Anapukusa mutu. Iye sankadziwa kuwerenga, komanso Fackson nyimbo imodzi ankailemba mayina osiyanasiyana malinga ndi mmene wadzukira. "Nyimbo ikamayamba pa sipika siyamba ndi kutchula dzina lake, aHedi. Imayamba ndi ng'oma." Zinandinyansa pang'ono kukanidwa cholembera m'nyumba mwanga momwe, koma ndinamutsegulira.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana akaweruka ku msika, Dolika ankabwera kwanga. Ankayamba watseka zenera loyang'ana kwawo, n'kutsitsa mawu a wailesi mpaka kungotsala kunong'ona, n'kukhala pansi pa mphasa khutu lili pa sipika. Kaseti yofiira inalibe nyimbo yathunthu ngakhale imodzi. Gitala imangoti iyambe kukoma, yaduka. Ng'oma zina zayamba, zaduka. Mawu a mwamuna akuti ayambe kuyimba, aduka. Munthu wosadziwa akanati makina awonongeka. Iye ankamvetsera kuyambira poyamba mpaka pothera, milomo ikutsatira, manja akusenda nyemba kapena kuzungulitsa kaseti ina ndi bolopeni kuti asathe mabatire.

Tsiku lina ndinamufunsa ngati amazisiyanitsadi, popeza kwa ine rumba yonse ndi phokoso limodzi. Anandiyankha osakweza maso. "Iyi ndi ya pa khonde. Iyi ndi ya ku chigayo, anagwa thumba lili pa njinga. Iyi ndi ya tsiku la Pasaka. Iyi ndi ya mbaula." Ine ndaona anthu akusunga zowawa, ndipo nanenso ndimasunga zanga, koma timazisunga kuti tizikumbutsa amene anatilakwira. Ndinali ndisanaonepo munthu akukhala pansi sabata ndi sabata kumvetsera mwadala masiku oipitsitsa a moyo wake, opanda womukwiyira, n'kudzuka kukaphikira mwamuna wake.

Kaseti iliyonse yatsopano inkayamba yadutsa kwanga. Akaimva yonse n'kupeza kuti mulibe mutu wodziwika, ankapita nayo kwawo, koma poiyimba koyamba ankakhala pafupi ndi Andireya, maso ali pa chala chake chachikulu cha kumanja. Anali ataona kuti chalacho chimayamba kunjenjemera thupi lisanaume. Chikangoti gwede, iye wazimitsa. Motero mitu ina inalowa mu kaseti yofiira popanda munthu kugwa.

Panatsala mawailesi a anthu ena, ndipo amene amaidziwa Nabvutika akudziwa kuti kulibe khoma limene limatsekereza phokoso. Dolika anayenda khomo ndi khomo mu mzere wathu wonse atanyamula beseni la tomato. Amafika, amapereka moni, amasiya tomato atatu anayi, kenako amayimba ndi pakamwa mitu ya nyimbo zija. "Ikayamba iyi, anzanga, mutsitseko." Anafika ngakhale kwa mayi wina wogulitsa kachasu kumunsi kwathu, amene ine ndinamulembera makalata ku khansolo chifukwa cha phokoso mpaka inki inandithera, osayankhidwa ngakhale kamodzi. Mayi ameneyo ndinamuona ndi maso anga akudumpha zidakwa zake kuthamangira ku wailesi, akukuwa kuti, "Ndi ya aMbewe iyo, zimitsani!" Nthawi zina unkamva mawailesi a mzere wonse akutsika pamodzi ngati wina wawalamula, n'kukweranso nyimbo ikatha.

Andireya anasiya kugwa. Anayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa nyumba yawo, kamakina kake kakuyimba pambali, ndipo zaka zinadutsa tonse tikuiwala kuti anali wodwala.

Mu 1996 Stanley, mwana wa mlongo wanga Esnat, amene anali kalaliki m'tauni, anabwera kudzandiuza kuti akufuna Tamiwe. Monga malume ake, unkhoswe unagwera ine. Esnat anali mkazi wamasiye wa mphunzitsi, mtsogoleri wa amayi a chigwirizano mu mpingo wathu, munthu amene mpaka lero sindimvetsa kuti sukulu inamupindulira chiyani. Za Chikatolika anadandaula sabata imodzi n'kuzisiya. Chimene sanasiye ndi mphekesera.

"Alongo, akuti ku banja limenelo kuli khunyu."

"Kuli bala la ngozi. Bala silikhala m'magazi. Ukathyoka mwendo, mdzukulu wako sabadwa akutsimphina."

"Inu mumadziwa mabuku, ine ndimadziwa mabanja. Ndikangoona ndi maso anga bamboyo akugwa, Stanley ndimutenga. Kaya suti yasokedwa kale."

Ndinkamudziwa mlongo wanga. Sankaopseza chabe, ndipo Stanley sanali mnyamata woti n'kutsutsa mayi ake.

Ndinakamuuza Dolika mawu amenewa monga analili. Kumubisa Andireya pa chinkhoswe sikukanatheka, chifukwa Esnat akanati mwaona, akumubisa. Kuchita chinkhoswe chopanda nyimbo sikukanathekanso, chifukwa anthu amafupa akuvina, ndipo a kuchimuna anali atapangana kale ndi Fackson kuti abwere ndi masipika ake. Dolika anangoti, "Chabwino," n'kumusiyira Tamiwe benchi ya tomato.

Masiku otsatira anawathera pa kashopu ka Fackson. Mnyamatayo anali ndi makatoni a makaseti, ndipo Dolika anawadutsa onse, kaseti ndi kaseti. Amamva poyambira nyimbo, akaona kuti ndi yabwino amathamangitsa tepi kufika poyambira ina. Kaseti yopezeka ndi mutu woipa ankaiponya m'thumba la saka, ndipo thumbalo linadzagona kwanga. Ndinadutsapo tsiku lina ndikuchokera ku positi, ndinawapeza akukangana.

"Amai, mundipha ine! Zimene mukuponya m'sakamo ndiye zovinitsa anthu."

"Avina zina. Miyendo sisankha."

"Nanga akandinena kuti Fackson wakalamba, alibe nyimbo?"

"Uwauze kuti zinabedwa. Iwe kunama sunayambe lero. Bweretsa katoni inayo."

Chinkhoswe chinachitika Loweruka lina mu Ogasiti, pa bwalo la a Mbewe, mphepo ikuulutsa fumbi m'mbale. Anamanga chithando cha matenti a lole. Andireya anavala jekete la manja aatali lobisa chipsera, anakhala pa mpando wa kutsogolo pafupi ndi ine. Esnat anakhala moyang'anizana naye, osamuchotsa diso, ngati mphaka pa una wa mbewa. Zonse zinayenda bwino. Tinapatsana nkhuku monga mwa mwambo, ana analangizidwa, anthu anavina ndi kufupa. Itakwana nthawi ya chakudya, Fackson anasiya kaseti ikuyimba yokha n'kupita kukaima pa mzere ndi mbale yake.

Chimene chinachitika kenako ine ndinachimvetsa patapita masiku, koma ndichinene pano. Fackson, monga tonse masiku amenewo, sankataya kaseti yakale. Ankangojambula nyimbo zatsopano pamwamba pa zakale. Pa kaseti imeneyi nyimbo zatsopano zinatha tepi isanathe, ndiye kumapeto kwenikweni kunatsalira mchira wa nyimbo yakale. Dolika anali atafufuza mitu yonse, koma mchirawu unalibe mutu. Nyimbo yomaliza itatha panamveka kachete pang'ono, kenako masipika anatulutsa gitala ya pakatikati pa nyimbo ina. Ine sindinaizindikire. Ndinkadziwa mitu yokha.

Dolika anali tsidya lina la bwalo atanyamula mulu wa mbale zachitsulo. Makina a Fackson anali kutali, kuseri kwa khamu la anthu olandira chakudya. Ndinangomva mbale zonse zili pansi, phokoso ngati denga lagwa. Ndisanadziwe chimene chachitika, mayi uja amene ndinali ndisanamumvepo akukweza mawu anali patsogolo panga, chala chili m'maso mwanga.

"Inu aJere! Nkhalamba yopanda manyazi! Mwakhala apa ngati munthu, chikhalirecho nkhuku zanga munazitha ndinu! Uhedi wanu unathera pa choko! Mumayesa sitidziwa chifukwa chake ana anu sabwera kudzakuonani? Ndi pakamwa panupo! Ndani angakhale ndi munthu wowerenga zolakwa za anzake ngati kolona!"

Ndinaimirira mpando n'kugwa kumbuyo. Ndinamuyankha, ndipo ndinamuyankha ndi mawu amene ndinkaitanira sukulu yonse pa mzere popanda belu. Chinyanja chitandichepera ndinapitiriza m'Chingerezi. Esnat anadzuka kudzandithandiza, amayi a chigwirizano anamutsatira, amayi a ku Kasenengwa nawo anabwera ndi zipande m'manja, ana akulira, agalu akuuwa. Pa bwalo lonse panalibe khutu limene likanamva gitala. Andireya, amene anali atayamba kuyang'ana m'mwamba ngati munthu woitanidwa kutali, anadzidzimuka, anaimirira n'kumugwira mkazi wake pa mkono.

"Amake Tamiwe! Mwapenga kodi? Awa ndi alendo athu!"

Anamukokera m'nyumba, Dolika akutukwanabe mpaka pa khomo. Pamene phokoso linkatsika, tepi inali itatha yokha. Tamiwe anali kulira ataphimba nkhope, ndipo anthu anadya mwakachetechete n'kubalalika dzuwa likadalipo.

Pobwerera Esnat anandiuza kuti, "Bamboyo ndiye munthu, wodekha, waulemu. Anthu amanama. Wodwala m'nyumba muja ndi mayi." Anafuna kuti nkhani ikambidwe, ndipo mawa lake ankhoswe a mbali zonse tinakhala pansi. Dolika anagwada, anati utsi wa kukhitchini ndi kutopa zinamuzunguza mutu, anapepesa. Anamulipiritsa nkhuku. Kwathu kuno mwano ndi mlandu wodziwika, uli ndi njira yake yothera. Esnat anakhutira poona mayiyo atagwada pa fumbi, ndipo tsiku la ukwati silinasinthe.

Ine sindinakhutire. Dolika atabwera Lolemba ndi nkhukuyo kukhwapa, sindinamutsegulire. Anaima pa zenera.

"AHedi, nkhuku ndiimangirira pa mpanda. Koma kaseti iyi mungomva kumapeto kwake."

Ndinatsegula chifukwa ndinkafuna kumuuza zina zimene ndinaiwala Loweruka. Analowa, anatseka zenera loyang'ana kwawo, anazungulitsa kaseti ya Fackson ndi bolopeni mpaka kufupi ndi pothera, n'kuiyimba motsitsa. Nyimbo inatha, kachete, kenako gitala ija.

"Ndi ija ya mbaula," anatero. "Mchira wake."

Ndinakhala pansi. Ndinayesa kuwerengera m'mutu nthawi imene anali nayo kuchokera pamene gitala inayamba kufika pamene mbale zinagwa. Sinali yokwana ngakhale kumeza malovu. M'kanthawi kameneko mayiyu anazindikira nyimbo pakatikati pake, anaona kuti ku makina safikako, anaona kuti akakuwa kuti zimitsani ndiye kuti wamuuza Esnat zonse, n'kusankha mlandu umene umatha ndi nkhuku m'malo mwa umene sutha.

"Nanga bwanji ine?" ndinafunsa. "Bwalo lonse lija?"

"Ndinayang'ana, aHedi. Ena aja ndikanawatukwana akanangowerama mwaulemu. Ndinkafuna munthu woti ayankhe."

"Ndi za ana anga zija?"

Anayang'ana pansi. "Pakamwa panatola zimene zinali pafupi. Zimenezo ndiye ndalakwa."

Mawu amenewo sindinawaiwale, ndipo sindinganame kuti anasiya kuwawa. Anandipempha kuti ndisauze munthu, ngakhale Andireya, ngakhale Tamiwe, chifukwa nkhani ikatuluka m'nyumba imafika kwa Esnat. Ndinasunga. Anthu anamupatsa dzina la mayi wamwano, ena anasiya kugula pa benchi yake, mwana wake yemwe anakhala nthawi osamuyankhula bwino, iye osadziteteza ngakhale kamodzi. Lero Andireya, Dolika ndi Esnat onse anapita, ndipo ine ndatopa kumva anthu opanda pake akumunena.

Ukwati unachitika mu Okutobala. Esnat analamula kuti mayi wamwanoyo asakhale pa tebulo la akuluakulu, ndipo Dolika sanatsutse. Ku holo anatenga kampando n'kukhala pafupi ndi makina a Fackson, kumbuyo kwa masipika, kumene phokoso limagwedeza nthiti. Fackson akati asinthe kaseti ankayamba wamuonetsa. Chakudya anamubweretsera, chinazizira pansi pa mpando.

Chakumadzulo dzuwa lisanalowe anaitana bambo a mkwatibwi kuti avine ndi mwana wawo. Andireya anavula jekete, chipsera chili poyera, n'kulowa m'bwalo. Ankavina moipa, mavinidwe a madalaivala, mapewa okhaokha miyendo osayenda, ndipo holo yonse inaseka ndi kululutira, Esnat yemwe akuwomba m'manja. Tamiwe anali kuseka misozi ikutsika. Ndinatembenuka kuti ndione ngati Dolika akuona. Sankaona. Anali atawerama pa makina, maso ali pa kagalasi ka kaseti, akuyang'ana tepi mmene inkacheperachepera mbali imodzi, kuti aitulutse isanafike kumapeto.